Nyale ya Amake Mwana

A Telala anasoka zovala zaka makumi anayi m'chipinda chakumaso kwa nyumba yawo, ndipo mumsewu monsemo munalibe munthu amene sanavalepo chotuluka m'manja mwawo: mayunifolomu a ana asukulu, masuti aukwati, ngakhale mathalauza ong'ambika malo ochititsa manyazi, amene eni ake ankabwera nawo atawabisa m'jumbo. Iwo ankapalasa mashini, akazi awo ali pakona, pansi pa nyale yapakhoma, kusokerera mabatani ndi kupinda mipendero. Dzina la mayiwo sanalitchulepo pagulu. Ankangoti, "Amake mwana, singano ija mwaiona?" Mayiwo osadzutsa n'komwe mutu ankayankha kuti, "Ili pakamwa panupo." Ndipo inalidi pomwepo.

Mayiwo atamwalira, maondo a mkuluyu nawonso anayamba mwano. Tsiku lina chisisira, akupapasa khoma kufunafuna switchi ya nyale, anapunthwa pa mpukutu wa nsalu n'kugwa chagada. Mwana wawo wamkazi, namwino wosadziwa kunyengerera, anabwera ndi mababu atsopano komanso kabokosi kolankhula.

"Ababa, kabokosika mukakauza, kaziyatsa ndi kuzimitsa nyale inu muli khale. Mukakakana, mukusamukira kwathu. Sindikufuna kudzakutolaninso pansi."

Kusamuka! Kusiya mashini, kusiya pakona paja? Ayi ndithu, bola kuphunzira kulankhula ndi bokosi.

Vuto linali lakuti a Telala sanalamulepo munthu chibadwire. Ankayamba ndi, "Pepanitu achimwene, ngati simunatanganidwe, mungandiyatsireko kuchipinda uko?" Kabokosi n'kumati sikanamve. Namwino anaseka mpaka misozi.

"Si apongozi anu awa, ababa. Mawu awiri basi: yatsa chakuti. Koma nyale iliyonse tiipatse dzina lake, lalifupi, losafanana ndi linzake."

Iye ankafuna mayina a m'buku, chipinda choyamba, chipinda chachiwiri. Bambo ake anakana kuti nyumba yawo si chipatala. Khonde lam'kati analitcha Mpikisano, poti ndi mmene ana awo ankathamangitsanamo pothawa kusamba. Chipinda cha mwana wawo wamwamuna, amene anapita kutali kukagwira ntchito, chinakhala Kwa Waulesi. Bafa analitcha Kwaya, chifukwa namwino yemweyu ali mtsikana ankaimbamo mpaka madzi kuzizira.

"Nanga iyi yapakonayi?" anafunsa namwino, chala chili pafoni.

A Telala anayang'ana kampando ka akazi awo, ndi chitini cha mabatani chili pomwe chinasiyidwa. "Imeneyo ndi Amake Mwana."

Namwino analemba dzinalo.

Sabata yoyamba zinayenda bwino zedi. Mkuluyu anazolowera kulamula, mwina mopitirira muyeso. Makasitomala akale akabwera kudzacheza ankawaonetsa: "Zimitsa Kwa Waulesi!" kenako n'kuwonjezera kuti, "Ameneyo ngakhale kale sankachedwa kuzima." Anthu ankaseka, iwo n'kumadzimva ngati bwana wa fakitale.

Loweruka masana namwino anabwera ndi mankhwala a maondo, napeza nyale yapakona ikuyaka dzuwa lili pamutu. Atayang'ana pafoni anaona kuti chiyatsireni tsiku loyamba lija sinazimepo. Anayamba kuganiza kuti bambo ake ayamba kuiwala zinthu, ndipo munthu woiwala sangakhale yekha.

"Ababa, nyale iyi mwaiwala dzina lake?"

"Ndingaiwale dzina limenelo ine?"

"Ndiye tauzani kabokosi kaizimitse, ndimve."

A Telala anakonza kukhosi.

"Mwanawe, kuyatsa ndinayatsa bwinobwino. Koma mawu enawo onse awiri pamodzi... Anazima kamodzi amayi ako, ine ndili pompo, osatha kuchitapo kanthu. Ndiye lero ndichite kulamula ndi pakamwa panga?"

Namwino anakhala pansi pakampando ka mayi ake, koyamba chimwalirireni iwo. Analira, osabisa. Atapukuta m'maso ananena kuti dzinalo akhoza kulisintha, ingokhala Pakona.

"Usasinthe. M'nyumba muno ndatha chaka chathunthu osaitana amake mwana. Sabata ino ndawaitanako."

Namwino anayamba kudinadina pafoni. Kabokosiko kankalola kuti munthu akaphunzitse mawu akeake, n'kukauza chochita kakawamva. Anafunsa bambo ake kuti kale, ntchito ikatha, ankati chiyani kwa mayiwo.

"Ndinkati, 'Amake mwana, kapumuleni, zotsalazo n'zamawa.' Iwo n'kumakana, ati batani limodzi lokha."

"Nanga m'mawa?"

"'Mwadzuka bwanji, amake mwana?' Ukufunsa ngati sunakulire muno."

Namwino analemba zonse ziwiri, nawauza kuti ayese. Za kusamuka sanazitchulenso, ndipo kiyi amene anabwera naye, wa chipinda chimene anawakonzera kunyumba kwake, anamubweza m'chikwama.

A Telala anawongola kolala ya shati, monga ankachitira kasitomala akamalowa, natembenukira pakona.

"Amake mwana, kapumuleni, zotsalazo n'zamawa."

Nyale inadikira kamphindi, ngati munthu amene akumaliza batani limodzi lokha. Kenako inazima.