Waya wa Pansi pa Vaneti ya Nkhumba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Thonje litakanika chaka chimenecho, anakandipereka kwa a Mwale, mnzawo wa ku tchalitchi cha Reformed amene anali ndi galaja m'mbali mwa msewu waukulu ku Sinda. A Mwale ankakonza za magetsi a galimoto. Tsiku loyamba sanandipatse sipanala, anandipatsa mita yoyezera moto n'kundiphunzitsa kuiwerenga.

Nditakhalapo miyezi ingapo, kunabwera vaneti ya a Sakala, amene ankagula nkhumba m'midzi ya ku Vubwi n'kumakagulitsa ku Katete. Fungo linatipeza galimoto isanaime. Vuto lake linali lakuti ikagona, m'mawa batire limapezeka latheratu, chonsecho linali latsopano.

A Sakala anabwera ataweruza kale mlandu. "Ndi mlonda wanga uja, Mbewe," anatero. "Amatchajira anthu mafoni pa batire langa. Ndamuchotsa dzulo. Inu ingotsimikizani."

A Mbewe ndinkawadziwa. Anali bambo wachikulire wa kwathu, wolera adzukulu amasiye.

A Mwale anandiuza kuti ndiyeze. Ndinazula kiyi, n'kutseka zitseko zonse kuti getsi la mkati lisayake. Ndinamasula waya wa negetivu n'kulumikiza mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Galimoto yozimitsa imayenera kudya moto wochepa kwambiri, koma iyi inkadya ngati pali babu loyaka. Ndinazula mafyuzi imodziimodzi, maso ali pa mita. Sinatsike. Tinachotsa waya wa olitaneta, chipangizo chotchajira batire, komabe ayi.

Kenako a Mwale analoza kawaya kofiira komangidwa pa mutu wa pozitivu, kopanda fyuzi. "Aka si kochokera ku fakitale. Katsate."

Kanalowera pansi, kulunjika kumbuyo konyamulira nkhumba. Ndinagona chagada pa katoni n'kukwawira komweko. Kunali kutentha kwa mu Okutobala. Pansi pa bodi panali pobooka ndi dzimbiri, ndipo zonse zimene nkhumba zinasiya pa maulendo awo zinkadontha kudzera m'mabowomo n'kuunjikana pa chitsulo: ndowe, mkodzo, magazi. Pamwamba zinali zouma, mkati zili phalaphala. Nditakanda ndi sikuludiraiva, mphutsi zinandigwera m'khosi. Ndinatuluka, n'kukasanza kuseri kwa galaja, n'kubwerera.

Mkati mwa nyansizo ndinapeza polumikiza waya. Wina anangopota nsonga ziwiri n'kukulunga ndi pepala la shuga. Pepala linali litang'ambika, waya atabiriwira, ndipo moto unkadutsa m'chinyontho cha mkodzo kupita ku chitsulo, usana ndi usiku. Nditamudula, mita inatsika nthawi yomweyo.

Wayayo ankapita ku getsi lowunikira pokweza nkhumba. A Mwale anafunsa amene analiika.

"Ndinaika ndekha," anayankha a Sakala. "Nanga chovuta n'chiyani pamenepo?"

Tinaika waya watsopano ndi fyuzi yake, tinawotcherera polumikiza, n'kumudutsitsa m'paipi kutali ndi mabowo. Pamene ndinkasamba m'manja kachitatu, a Mwale anati, "Ndiye a Mbewe mukawaitane. Alibe mlandu."

A Sakala anaseka. "Ndalemba kale wina. Uja anali atakalamba."

Analiza galimoto n'kumapita. Malaya a tsiku limenelo ndinawatentha, koma chimene chinandikanitsa kudya madzulo ake si mphutsi ayi. Kunali kuseka kuja.

Loweruka ndinapita kwa a Mbewe kukawafotokozera. Ndinawapeza akusenda mtedza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ukanene zomwezi ku tchalitchi mawa, mwanawe. Anthu akundiyang'ana ngati wakuba." Ndinakanena.

Lero ndili ndi galaja yangayanga ku Katete. Mwini galimoto akabwera ndi dzina la munthu pakamwa, ndimamuuza kuti alisunge kaye mpaka ndiyeze. Waya ndimatha kumulumikiza. Mbiri ya munthu ikaduka, ndilibe chowotcherera.