Tiyi wa M'chipinda cha Magalasi

Pa fakitale ya mapulasitiki ku Boksburg, kumene ndinkapala m'mphepete mwa zidebe zikamatuluka m'makina, panali dandaulo la malipiro limene linachita kumera imvi. Ntchito inali imodzi, zala tinkapsa mofanana, koma ife olowa kudzera kwa kontilakita tinkalandira zochepa kuposa olembedwa ndi kampani. Ambiri a ife tinali obwera: Amalawi, a ku Chipata, ndi ena obadwira ku Zimbabwe. Olembedwawo nawo ankafuna awonjezeredwe. Yuniyoni inapereka dandaulo, mabwana n'kumangoti tikuliona.

Wotiimira ku yuniyoni anali mayi wina wa ku KwaThema, wamfupi, wosaopa munthu. Ndi iwo anaumirira kuti nkhani yathu ya a kontilakita ilowe nawo m'dandaulolo. Anzawo ambiri sankafuna. Ankati Amalawi ndi anthu a inde bwana, ukawamenyera nkhondo amakusiya panjira. Mayiwo anati ndiye mmodzi wa iwo akwere nafe kwa mabwana, mudzionere nokha. Anatenga ine, poti Chizulu changa chinali chothyokathyoka koma chomveka.

Tili pa masitepe anandigwira mkono.

"Komuredi, phezulu asihlali, asidli. Sitikhala pansi, sitidya kanthu, mpaka atiyankhe. Uyezwa?"

Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi.

Chipinda cha misonkhano chinali pamwamba, khoma lake la magalasi loyang'ana kumakina. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo fakitale yonse inaima pansipo, maso m'mwamba. Ife tinandanda kumbuyo kwa mipando, manja titapinda pachifuwa.

Bwana asanabwere munalowa mayi wokalamba wopanga tiyi, msinkhu wa amayi anga, akukoka mwendo. Anzanga anangopukusa mitu osawayang'ana n'komwe. Atafika pa ine ananyamula kapu n'kunditambasulira, tiyi akutayikira m'mbale.

"Nka, ngwanaka," anatero. Tenga, mwanangu.

Kwathu ku Dedza munthu wamkulu sumusiya dzanja lili m'malere. Ndisanaganize n'komwe, manja anga onse awiri anali atapita kale, mawondo atapindika, pakamwa patatuluka zikomo. Nthawi yomweyo bwana analowa n'kuloza mipando. Ine kapu yotentha ili m'manja, ndipo kumwa chiimire pamaso pa akulu sindinachitepo chibadwire. Ndinakhala. M'chipinda monse okhala tinali awiri, ine ndi bwana.

Bwanayo sanali wopusa. Anatembenuzira mpando wake kwa ine, n'kunena mwachizungu kuti akusangalala kuti pali mmodzi amene wabwera kudzakambirana. Mayi a ku yuniyoni aja ankalankhula, iye n'kumayankha akuyang'ana ine. Kuyika kapu pansi ndinalephera, kuimirira ndinalephera, ndipo chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti ndinamwako. Anatitulutsa ndi mawu omwe aja, akuti tikuliona.

Pansi panalibe wonditukwana. Mkulu wina woyendetsa folokolifiti anangopinda mawondo, manja awiri kutsogolo, mutu atawerama, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira makina. Kuyambira tsiku limenelo ndikamadutsa, wina ankandigwadira. Ndinkalakalaka atangondimenya.

Pa msonkhano wotsatira wa yuniyoni wina ananena kuti nkhani ya a kontilakita ikuchedwetsa dandaulo, ichotsedwe. Mayi aja anatimenyera mpaka mawu kusasa, koma manja okwezedwa otikana anachuluka. Potuluka anandipeza pageti.

"Awa ankangofuna chifukwa, bhuti," anatero. "Wena, iweyo, wawapatsa."

Ndimapsa mtima ndikakumbukira. Kapu imodzi ya tiyi, wochepa shuga, ingagwetse mlandu wolungama? Ndipo atatitaya ifeyo, dandaulo lawo linayenda? Lili pomwepo mpaka lero, mabwana akuliona. Koma ndikamaliza kudzilungamitsa, manyazi amabwerera malo awo. Amati manyazi anapha lambe. Ine sanandiphe, anapweteka ena.

Amene ndinkawaopa kwambiri anali mdala wina wa ku Chipata, wogwira pa makina ogaya zidebe zowonongeka. Anakalambira pa kontilakita, makutu atagontha ndi phokoso, ndipo chiyembekezo chawo chinali dandaulo limeneli: kuti alembedwe ndi kampani asanabwerere kwawo, apite ndi kapenshoni. Tonse tinkachita lendi ku Actonville ndipo tinkakwera tekisi imodzi. Ndinayamba kutuluka mochedwa dala, kuti ndiwapeze atapita.

Chaka chotsatira kontilakita anawauza kuti mphamvu zawo zatha. Tsiku lawo lomaliza anandidikirira pamalo okwerera tekisi, chikwama cha maovolosi chili pansi. Kothawira kunalibe.

"Imwe a ku Dedza, tinalakwirana chiyani?" anafunsa mokweza, monga amachitira agonthi.

Ndinavula chipewa. Ndinayamba kupepesa ndikuyang'ana nsapato zawo. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinasowa chonena. Kenako anaseka pang'ono, koma osati kuseka kwa chimwemwe.

"Mayi aja anayamba apempha ine kuti ndikwere," anatero. "Ndinanama kuti sindimva bwino, atenge wachinyamata. Mawondo anga ndimawadziwa, mphwanga. Zaka zonsezi ndagwadira aliyense mu Joni muno. Ndinkati mwina imwe a masiku ano munabadwa ena."

Tekisi inafika. Ndinawanyamulira chikwama, ndipo njira yonse mpaka ku Actonville tinakhala mophathikana, aliyense akuyang'ana kwake.