Chala cha Haripada

Kwa zaka makumi atatu, Haripada ankaphikira tiyi bwana Ghanshyam mu ofesi ina ku Kolkata. M'kalasi sanapondemo, koma chala chake chachikulu chinali pa ntchito: akadinda pepala, bwanayo ankamuponyera switi.

Litabwera lamulo loti kampani iliyonse iulule mwini wake weniweni, bwanayo anamudinditsanso pa mapepala a makampani ake. Apolisi atafika kudzafufuza za makampani asanu obisamo chuma chakuba, Ghanshyam anawerama n'kugwira mapazi aming'alu a Haripada, monga amachitira ana a kumeneko kwa makolo awo.

"Eni ake ndi awa, akuluakulu. Ine ndimangotumidwa."

Haripada anamwetulira, poti chibadwire palibe anamupatsapo ulemu wotere. Apolisi akumukankhira m'galimoto, Ghanshyam anasuzumira pawindo n'kukuwa: "Iwe galu, ketulo waisiya pati?"