Dzinja Limene Abambo Anatupa Miyendo

Dzinja limenelo nyumba yathu ku Chinsapo inkanunkha chinyezi ndi mafuta amene amayi ankapaka abambo m'miyendo. Ndinali sitandade 3. Abambo, amene ankaphunzitsa sayansi kusekondale, anali atasiya kupita kuntchito. Mapazi awo anatupa mpaka nsapato kukana, ndipo ukadina chala pamsongolo, kadzenje kankatsala pomwepo. Ankangokhala pakhonde, miyendo ataisanjika pandowa yovundikira, kuyang'ana madzi akuchucha pamalata.

M'mawa wina anandipatsa botolo n'kundituma kukamtsinje ka kumunsi kwa madimba. Anati ndikavundukule miyala ya m'madzi, ndikatole tinyongolotsi tophwatalala tomamatira kunsi kwake. Ndinatipeza, takuda, toterera, tosaposa njere ya mpunga. Anatikhuthulira m'mbale yoyera, tinagundanitsa mitu n'kumasuzumira pagalasi lawo lokuzira zinthu.

"Kameneka kamakhala m'madzi, ndiye madzi amangokalowa m'thupi," anatero. "Koma m'kati mwake muli timachubu, kumapeto kwake kuli tiubweya tophethira ngati lawi la kandulo. Timeneto ndi timene timakankhira madzi ndi zoipa kunja. Galasi lathuli silingafike pamenepo."

"Nanga ife?" ndinafunsa.

"Ife tili ndi impso. Zangazi zatopa, mayi."

Kuyambira pamenepo ankandituma pafupipafupi, nthawi zina mwadzidzidzi, nkhani ili pakati. Ndinkabweretsa nyongolotsi za m'dimba, nkhono, ngakhale misundu, iwo n'kundifotokozera mmene kalikonse kamadziyeretsera. Mumtima ndinatsimikiza kuti akufufuza mankhwala, ndipo kachilombo koyenera kali pansi pa mwala umene sindinaufike. Ndinkavundukula miyala mpaka zala kuchita makwinya, udzudzu ukundidya m'khosi. Pobwera ndinkakhala ndili matope okhaokha, koma amayi, amene sankalekerera diresi lakuda, sankandikalipira. Abambo ndinkawapeza atasintha malaya, maso ofiira, akumwetulira.

Anamwalira chimanga chikuyamba kuuma. Kwa nthawi yaitali ndinkadziona wolephera.

Ndili wamkulu, tikusankha nyemba, amayi anandiuza kuti abambo ankandituma akamva kuti kusanza kwayandikira. Ankadzigwira mpaka nditakhota paseri pa mpanda wa aneba. Ine ndinkathamangira kumtsinje ndikuti ndikukapulumutsa bambo anga. Iwo ankangofuna kuti mwana wawo akhale kutali pang'ono, akusewera m'madzi.