Tsiku Limene Alamu Anapitirira Mlatho

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anatsitsa alendo pamtsinje kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Bwato lawo linali lija la mphira lochita kupopa, lokwera anthu asanu ndi mmodzi, ndipo chigawo chawo chinali cha ongoyamba kumene: kuchokera pashedi yosungira mabwato, pamene mtsinje umatulukira pakati pa mapiri, mpaka pamlatho wachitsulo, ulendo wa maola awiri. Anzawo ankawatcha a Musaope, chifukwa ndiwo mawu amene ankayamba nawo akamaveka munthu jekete yoyandamitsa. Ankanyamula aphunzitsi opuma ntchito, azimayi a m'maofesi amene nkhafi anali asanaigwirepo, ndi azibambo odzitama pamtunda koma ofatsa bwato likangogwedezeka. Ankati mwa onse amene anagwerapo m'madzi, palibe anatayapo china kupatula patapata ndi ulemu.

Ine ndimayendetsa galimoto yokoka ngolo ya mabwato. Ndimasiya anthu kumtunda n'kutsetsereka ndi msewu kukawadikira pamlatho. Kumunsi kwa mlathowo mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe, moti ngakhale akatswiri a timabwato ta munthu mmodzi amayamba atsika n'kuyang'ana kaye.

Lachitatu lina ndinaima pamchenga, matawulo ali m'manja. Bwato linatulukira pakhona pa nthawi yake, koma silinakhotere kugombe. Alamu anali kumbuyo, nkhafi ili pamwendo, akundiyang'ana ngati akuona msodzi wachilendo. Ndinakuwa, ndinakupiza tawulo. Mayi wina wa m'bwatomo anandibayibitsa. Ndinathamanga m'mbali mwa mtsinje ndi chingwe chimene ndinkadziwa kuti sichingafike, komanso kusambira kwanga n'kwa mwala.

Chinawadzidzimutsa alamu ndi mkokomo wa madzi a kumatanthwe. Anauza alendo kuti apalase chobwerera, iwo n'kukangamira nthambi ya mtengo wowerama mpaka chikhatho chinasupuka. Alendo anatsika akuseka, poganiza kuti ndi nthabwala yotsekera ulendo.

Tikumanga bwato pangolo, anandifunsa chapansipansi: “Alamu, mlatho uja anamanga liti?”

Ndinaseka, kenako ndinaona kuti ndikuseka ndekha.

Madzulo ake ndinawapeza achemwali pamakina awo osokera, n'kuwafotokozera. Sanadabwe. Anati papita miyezi akupeza ketulo m'kabati ya zovala, ndipo kawiri konse bambowo anaitana mwana wawo wamkazi ndi dzina la malemu mlongo wawo. Anandipempha kuti ndisunge pakamwa, poti munthuyo ukamuchotsa pamtsinje ndiye kuti wamuika m'manda akuyenda. Ndinasunga masiku anayi. Masiku anayiwo ndinkaima pamlatho ndikuwerenga zipewa za m'bwato likamatulukira. Tsiku lotsatira m'bwatomo munakwera banja la ana awiri. Anafika bwinobwino, koma ine nditangotsitsa ngolo ndinapita kukagogoda ku ofesi ya mayi mwini kampani.

Mayiwo sanawachotse ntchito alamu. Anawauza kuti pashedi pakufunika munthu wodziwa, ndipo anawaperekeza okha kuchipatala. Dokotala anati matendawa sabwerera m'mbuyo; mapiritsi alipo ongochedwetsa, osati ochiza. Achemwali anakhala mwezi wathunthu osandilankhula. Atayambanso, mawu awo oyamba anali oti ndiziwatenga alamu m'mawa, chifukwa tsiku lina anakwera basi yolowera kwina.

Pano alamu amakhala pabenchi pakati pa majekete onyowa ndi zipewa zopachika pamisomali. Manja awo sanaiwale kanthu. Lamba amamanga mwakamodzi, ndipo akangomuyang'ana munthu amadziwa jekete yomukwana. Koma m'mawa uliwonse amatenga nkhafi yawo n'kuima pafupi ndi galimoto, ndipo amene amayenera kuwauza kuti lero si tsiku lawo ndine. Nthawi zina amavomera. Nthawi zina amafunsa kuti anakawanenera ndani, ine n'kumati sindikudziwa. Mwini kampani wati awasunga mpaka nyengo ya alendo ithe. Za kutsogoloko palibe amaziyamba.

Sabata yatha, mvula itagwa kumapiri masiku atatu, anasowa pashedi. Tinawapeza kumunsi pang'ono ataima m'madzi ofika m'mawondo, nsapato zili kuphazi. Sanandizindikire msanga, koma analoza pakati pa mtsinje.

“Mwala uja wasuntha,” anatero. “Muwauze adzere kumanzere, kumanjaku ung'amba bwato.”

Ine sindinaone chilichonse, madzi okhaokha a matope. Bambo amene anatenga malo awo anapita ndi kabwato kukagwaza ndi nkhafi. Mwala unalidi pomwepo. Tsiku limenelo mabwato onse anadzera kumanzere, alamu ali pabenchi, thalauzi lawo litayanikidwa pachingwe pamodzi ndi majekete.