Madzi oviikamo usipa

Lachiwiri lapitali, cha m'ma sikisi koloko madzulo, mayi wa ku Philippines amene timaphikira khitchini imodzi kuno ku Bolton anatsegula kabati yake. Mumakhala viniga, sosi wakuda wa soya ndi botolo la madzi a nsomba amchere, amene kwawo amati patisi.

"Talawani," anatero akudontheza pa supuni. "Kwathu mwana amakula ndi zimenezi."

Fungolo litandipeza ndinangopukusa mutu, n'kumanamizira kukonza mwana wanga kumsana.

Ndili wamng'ono, amayi ondipeza ankaviika usipa wouma m'madzi otentha kuti mchenga ndi kuwawa zichoke. Madzi amenewo anthu amataya. Iwo ankathiramo mchere n'kundipatsa ine ngati ndiwo, usipawo n'kugawira ana awo.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera ku esiteti ya fodya komwe ankagwira ntchito. Ndinanyamula kambale kanga n'kukakhala pakhonde pomwe iwo ankadyera, dala, kuti aone. Madziwo anali otuwa, timamba tikuyandama, mchenga uli pansi.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, ndiwo za mwanayu ndi zimenezi?"

"Amazikonda yekha. Mufunseni."

Ndinakonza pakamwa kuti ndiyankhe. Bambo sanandifunse. Anasamba m'manja n'kuyatsa wailesi.

M'mawa mwake ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji ya basi, ndikudikirabe funso lija. Basi itafika anandigwira pamutu.

"Uziwamvera amayi ako."

Nditabwerera kunyumba, ndinapeza usipa ukundidikira kuti ndiuviike.