Mano Awiri a Mkulu wa Paphiri

Mkuluyu ndidawaona koyamba ali chigwadire m'mizere ya mpesa, akulavula makoko a mphesa n'kumatafuna njere zake. Mpaka lero mnansi wanguyu sakhulupirira kutsekemera. Amati, “Madzi a mphesa amanama. Njere ikaphwanyika ngati mtedza wokazinga, pamenepo thyolani.”

Zaka zitatu zapitazo, atatsala ndi mano awiri okha, mitambo idada bii pamwamba pa phiri. Mwana wawo Ornella, amene tsopano amayang'anira munda, adaitana othyola mphesa.

“Ababa, mvula ikaoletsa mphesazi tilira chaka chonse!”

Mkuluyo adatafuna njere imodzi, nkhope n'kukwinyika. “Ikuwawa. Dikira masiku anayi, mwana iwe. Ukufuna vinyo kapena mankhwala a chifuwa?”

Ornella adabweza othyolawo akung'ung'udza. Mvula idakagwa kutsidya, kuno dzuwa lidaswa mtengo masiku anayi onsewo, kenako mphesa zidathyoledwa.

Dzana Ornella adatsegula mgolo wa vinyo wa chaka chimenecho. Vinyo adatuluka wofiira moderako, ndipo titalawa tonse tidavomereza kuti ndi wokoma zedi.

“Ababa, mwapambana,” adatero Ornella.

“Si ine,” adayankha mkuluyo akuloza m'kamwa. “Ndi awiriwa. Athirire vinyo wina!”